Swarf m'Diso Lotsala

Lachiwiri, 9 Julaye

06:41 Benvinda: alamu mwaiona foto ija?

06:41 Benvinda: [chithunzi]

06:43 Benvinda: ndatumizanso. ndi kapepala ndakapeza mthumba la buluku la achimwene anu pochapa. ndi chizungu cha ku Malawi, ine changa ndi chipwitikizi basi

06:58 Benvinda: alamu Romano

10:04 Romano: pepani alamu, foni timasiya mu locker mpaka tea time. foto siikuoneka bwino, pepala lanyowa. tandilemberani chilembo ndi chilembo

10:11 Benvinda: suspected swarf inside R eye 3 wks. only seeing eye. xray + refer URGENT

10:11 Benvinda: urgent ndamva, ndi urgente. enawo ayi

10:12 Benvinda: swarf ndi matenda anji?

10:13 Romano: achimwene Elísio anapita liti ku chipatala?

10:15 Benvinda: Lachisanu. adawoloka malire okha pa njinga yamoto kupita ku Dedza, akuti kudabwera madokotala a maso alendo. pobwera adangoti ndi fumbi, andipatsa mankhwala odontheza. za pepala sadanene

10:16 Benvinda: ndiyankheni kaye. ndi khansa?

10:19 Romano: [uthenga wa mawu, 1:12] Ayi alamu, si khansa, si matenda n'komwe. Swarf ndi chinthu chimene mumachiponda tsiku ndi tsiku pa ofisina, shopu ya zitsulo ya achimwene ija, pa Domwepo. Paja akamasema chitsulo pa torno, makina ozungulira aja, pamagwa tizitsulo, tina topotana ngati tsitsi, tina tating'ono ngati mchenga? Timene timakubayani kumapazi mukabweretsa chakudya mutavala masilipasi? Ndi timeneto. Achimwene amati limalya, kuno ku Joni amati swarf. Ndiye dokotalayo akuti akukayikira kuti kamodzi kali m'kati mwa diso lamanja, ndipo kakhalamo masabata atatu. M'kati alamu, osati pamwamba. Walembanso kuti ndi diso lokhalo limene limaona. Akuti akajambulitse, apite ku chipatala chachikulu msanga.

10:22 Benvinda: aaa timeneto basi? mtima udali mmwamba ine

10:22 Benvinda: nde palibe nkhani. kadatuluka kalekale, ndidakatulutsa ndine

10:23 Romano: munakatulutsa bwnj

10:26 Benvinda: [uthenga wa mawu, 1:40] Alamu, mwaiwala za kwanu? Maginito aja a sipika ya wailesi, ozungulira aja, amene amakhala pa msomali pambali pa torno. Chikwatiwire ine, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ntchito imeneyi ndi yanga. Kachitsulo kakawalowa amangotumiza mawu kunyumba, ine n'kusiya zonse. Amakhala pa kireti, ine n'kutsegula chikope, n'kusendeza maginito pang'onopang'ono, kachitsulo kaja n'kudumpha kokha. Ena amachita kunyambita ndi lilime, ine zauve zimenezo ayi. Tsiku limenelo ankasema shafiti ya motobomba, injini yopopa madzi ija, kena kake kadathetheka. Ndidapita, ndidaika maginito, kuyang'ana, kakuda kali pomwepo. Ndidawaonetsa. Diso lidafiira masiku atatu, kenako ululu n'kutha. Lero sadandaula, amangoti m'mawa pamakhala kachifunga pang'ono. Nanga pa Domwe mu Julaye chifunga n'chachilendo?

10:28 Romano: ululu ukatha sindiye kt katuluka alamu

10:29 Romano: maginito amenewo ndimawadziwa. amakhala ndi ndevu za tizitsulo chaka chonse

10:29 Romano: munawapukuta musanawaike pa diso?

13:02 Romano: alamu?

13:40 Benvinda: ndili ku dimba. network

17:48 Benvinda: [uthenga wa mawu, 2:05, akulankhula Elísio] Romano, ndine. Ndamva kuti m'nyumba mwanga mwalowa apolisi opisa m'matumba, ndipo womasulira wawo amakhala ku Joni. Zikomo kwambiri. Tamvera mphwanga. Mzungu uja adandiunika ndi tochi mphindi zitatu. Mlamu wakoyu wandiyang'ana m'diso zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo dzanja lake silidaphonyepo. Ndikhulupirire yani? Pano pakhomo pa ofisina pali ma motobomba khumi ndi imodzi. Mvula idatha, anthu adabzala mbatatesi m'madimba, motobomba ikagona sabata imodzi munda wapsa. Ndiwauze kuti dikirani, ine ndikukagona ku Lilongwe? China, iwe ukudziwa bwino, lamanzereli lidapita ndi chikuku ndisanayambe n'sukulu yomwe. Latsala limodzi. A Victorino a ku Lifidzi adapita kukang'ambidwa akuonako pang'ono, adabwerako atagwira phewa la mdzukulu. Ine mpeni pa diso langa ayi. Ntchito ikachepa mu Sepitembala tidzaona.

17:55 Romano: achimwene a Victorino anali ndi shuga, nkhani ina imeneyo

17:55 Romano: nanga magalasi ndinakutumizirani pa Khirisimasi aja?

18:01 Benvinda: [uthenga wa mawu, 0:19, akulankhula Elísio] Magalasi ako ndi abwino zedi pa njinga yamoto, fumbi silindilowa n'pang'ono pomwe. Pa torno amachita nthunzi. Ndiye munthu wa diso limodzi aziyang'ana nthunzi kapena chitsulo? Gona bwino.

Lachinayi, 11 Julaye

10:06 Romano: ndafunsa mayi woona za safety kuno, ndamuonetsa mawu aja. tiyi wake wamusiya pomwepo

10:07 Romano: akuti chitsulo chikakhala mdiso chimachita dzimbiri ngati lata pa denga. sichipweteka ayi. chimangodya kuona pang'onopang'ono ndipo chadyedwacho sichibwerera

10:07 Romano: akuti tiziwerenga masiku osati miyezi

12:30 Benvinda: ndawawerengera. aseka. akuti mayiyo adzabwere adzagwire torno tsiku limodzi

13:09 Romano: [uthenga wa mawu, 1:55] Alamu, izi mumvetsere nokha, achimwene asamve. Kwathuko ndimanena kuti ndine operator wa makina. Si zoona. Ine pano ndine wosesa. Zaka zinayi ntchito yanga ndi swarf yomweyo. Ndimaikokolola ndi fosholo pansi pa makina, ndimadzadza ma bin asanu ndi limodzi pa tsiku. Ina imatuluka yabuluu chifukwa cha kutentha, ina yaitali ngati waya, yakuthwa kuposa lumo. Kuno saiwerenga kuti imodzi, ziwiri, amangoti swarf monga timanenera ufa kapena mchenga. Koma pa makina alionse pali chikwangwani choletsa kuigwira ndi manja. Chaka chatha mnzanga wa ku Zimbabwe kanamulowa m'diso, kamodzi kokha. Anazimitsa makina onse a mzere wake, anamuletsa ngakhale kutikita, mphindi khumi anali m'galimoto. Lero akuona. Chinthu chimene ife timaponda ndi silipasi, kuno chili ndi dzina lake, bin yake ndi lamulo lake. Ndiye ndikamakuuzani sindikunena za m'buku ayi. Ndimachidziwa chinthu chimenechi kuposa achimwene.

13:20 Benvinda: ine ndidadziwa kale alamu. mafoto anu onse tsache limaoneka kumbuyo

13:20 Benvinda: km kusesa si kuba

13:22 Romano: kkk mwandigwira. nde auzeni apite chonde

13:23 Romano: za maginito zija simunandiyankhe

Lachitatu, 24 Julaye

07:15 Benvinda: dzulo madzulo achimwene anu adafika akukankha njinga yamoto kuchokera pa msika. akuti yafa

07:16 Benvinda: mmawa uno aiponda kamodzi kokha yalira

07:18 Benvinda: dzuwa likangolowa amayenda mogwira khoma. akuganiza kt sindikuona

10:02 Romano: ndiwaimbira pa lunch, mukhale nawo pafupi

13:05 Romano: [kuimba kosayankhidwa]

13:08 Romano: [kuimba kosayankhidwa]

13:15 Benvinda: akuti manja ali ndi girizi

13:16 Romano: girizi yake imafika mpaka mmakutu?

13:31 Benvinda: ndawauza choncho. akuti mwana wa dzulo iwe

Lachinayi, 8 Ogasiti

16:12 Benvinda: a Octávio abweza shafiti ya motobomba yawo. siikulowa, adaisema mopitirira

16:13 Benvinda: chiyambire ntchito iyi achimwene anu sadabwezeredwepo chinthu. anthu amachoka ku Ulongwe kusiya ma ofisina onse aja kudza kuno

16:15 Benvinda: anena kt choyezera chawo chatha, achiponya pa khoma. kenako achitola, andiitana kt ndiziwawerengera manambala

16:16 Benvinda: nde dimba ndasiyira achemwali. ine ndimakhala pambali pa torno tsiku lonse kumangoti vinti e dois, vinti e um

17:40 Romano: alamu munthu wosaona manambala asayandikire torno. makina aja alibe chisoni, amakoka malaya ndi dzanja lomwe

17:41 Romano: za ulendo musadandaule ndinakonza kale. anyamuke mawa lomwe

17:52 Benvinda: vuto si ulendo alamu. vuto ndi mutu

17:53 Benvinda: ndalira, ndakalipa, ndawakaniza ndiwo ya nyama. ndaitana ngakhale akulu a mpingo. onse amawasekerera nkuwaperekeza ndi nthabwala

17:55 Benvinda: atsala ma motobomba asanu ndi awiri. ukakonza imodzi zimabwera ziwiri

Lolemba, 19 Ogasiti

09:30 Benvinda: [chithunzi]

09:31 Benvinda: ndawajambula atakhala padzuwa. onani kamwana ka diso mmene kakulira, sikachepa ngakhale ayang'ane kumwamba. ndipo mkatimo muli timadontho tofiirira

10:05 Romano: ndaona

10:05 Romano: ndi dzimbiri limenelo alamu

10:09 Benvinda: Loweruka adandiuza okha kt ndiikenso maginito. ndidadziwa kt mantha awagwira

10:10 Benvinda: ulendo uno ndidawatsuka ndi sopo, ndidawapukuta ndi nsalu yoyera mpaka mbee. ndidaika katatu. palibe chidatuluka

10:10 Benvinda: iwo akuti mwaona, mulibe kanthu

10:12 Romano: sikangatuluke. kali kumbuyo kwa diso, khomo kanalowera linatsekeka kale. maginito amakoka ta pamwamba tokha

10:13 Romano: mwati ulendo uno?

10:30 Romano: alamu

Lachiwiri, 3 Sepitembala

06:50 Benvinda: avomera. akuti akamaliza ziwiri zatsalazi, pa 16 tinyamuka

10:02 Romano: Mulungu ndi wabwino. pepala lija musunge mu plastic

Lolemba, 16 Sepitembala

06:20 Romano: mwanyamuka?

10:01 Romano: mwawoloka?

13:04 Romano: alamu foni ikulira bwnj simukuyankha

15:47 Benvinda: sitidapite

15:49 Benvinda: kudabwera anthu a chigayo cha kumtunda dzulo, nyundo za chigayo zatha, midzi itatu ikusinja pa mtondo. adagwada pakhomo. achimwene anu mumawadziwa munthu akawatchula kt mestre, katswiri

15:50 Romano: zengerezu adalinda kwawukwawu. muwauze ndatero

16:22 Benvinda: [uthenga wa mawu, 0:41, akulankhula Elísio] Ndamva mwambi wako, wauphunzira bwino. Koma iwe Romano, ine ndikagona pa bedi lija n'kudzuka mu mdima, ndidzakhala ndani? Panopa ndikuona. Pang'ono, inde, ngati munthu woyang'ana m'botolo la mowa, koma ndikuona. Chitsulo ndikachigwira ndimachimva ndi zala. Ndisiye ndimalize nyundo za anthu. Mwezi ukatha.

16:30 Romano: achimwene mdima mukuuopawo ndi umene mukuudikira pamenepo

16:31 Romano: ine ndikanabwera kudzakunyamulani km ndikachoka kuno mapepala anga sandilola kubwerera

16:58 Benvinda: abwerera ku ntchito. sadamvetsere

Loweruka, 28 Sepitembala

11:34 Benvinda: mwana wathu Páscoa wabwera kuchokera ku sukulu ku Ulongwe. watsika shapa, minibasi ija, wapita kaye ku ofisina kukadabwitsa bambo ake

11:36 Benvinda: waima pakhomo osalankhula, akumwetulira. iwo amuyang'ana nkunena kt takulandirani mayi, tikuthandizeni chiyani

11:37 Benvinda: mwana wawo yemwe alamu. mapazi anayi okha pakati pawo, dzuwa lili pamutu

11:40 Benvinda: mwana walira. iwo azimitsa torno, apukuta manja nthawi yaitali, atseka chitseko. sadatsekepo Loweruka masana

12:15 Romano: ali kuti pano

12:20 Benvinda: akhala pansi pa mtengo wa pichesi. agwira dzanja la Páscoa

12:44 Benvinda: ati Lolemba tipita

Lachiwiri, 1 Okutobala

14:10 Benvinda: tili ku Lilongwe, tidafika dzulo. awajambula mmawa uno

14:11 Benvinda: kalipo alamu

14:12 Benvinda: andionetsa pa chithunzi chakuda chija. kadontho koyera ngati njere ya chitowe, kumbuyo kwenikweni

14:20 Benvinda: [uthenga wa mawu, 1:18] Dokotala wake ndi mayi, wa kuno konkuno, amalankhula bwino, sakalipa. Adatenga pepala lija, adawerenga deti, adatiyang'ana. Bola akadakalipa. Kenako adati kachitsuloko akachotsa Lachiwiri likudzali kuti kasapitirize kuwononga. Achimwene anu adafunsa kuti nanga ndidzaona? Mayi aja adati bambo, sindikunamizani. Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kamene timaonera, kanu kasupuka mbali ina, mbali ina dzimbiri ladya. Tiyesetsa. Mukadabwera mu Julaye ndikadakuyankhani mosavuta. Iwo adangoti zikomo adokotala, ngati apatsidwa mphatso. 

14:35 Romano: ndili mu toilet ya ku ntchito. sindikutha kutuluka

14:36 Romano: pepani alamu

Lolemba, 7 Okutobala

16:05 Benvinda: [uthenga wa mawu, 2:20, akulankhula Elísio] Mphwanga, mawa m'mawa ndi tsiku lija. Andimeta nsidze, ukadandiona ukadaseka. Mawu aja umati chiyani paja? Swafu. Eya, swafu. Ndakhala ndikuwatafuna pano pa bedi. Zaka makumi atatu ine ndimaganiza kuti ntchito yanga ndi shafiti, zogwa pansizo ndi zinyalala, ndimangozikankha ndi phazi. Ndidamva kuti iwe ndiwe umazisesa kumeneko. Usamukalipire mlamu wako, ndidachita kumukakamiza. Usachite manyazi. Iwe udaziopa, ine ndidazidelera, wanzeru ndani pamenepa? Tsono tamvera. Ngati zivuta mawa, pasapezeke munthu woloza chala Benvinda. Ndaganiza bwinobwino pano, timene tidandilowa tsiku lija tidali tiwiri. Iye adatulutsa kamodzi, ndidakaona ndi diso langa pa maginito. Kachiwiriko ndi kamene kadabisala. Iye mbali yake adachita, wokana kubwera ndidali ine. Wamva? Dzanja la mkazi uyu silidaphonyepo. Chabwino, anamwino abwera ndi mankhwala.

16:20 Romano: ndamva achimwene. ndikupemphera

16:21 Romano: alamu inu muli bwnj

17:45 Romano: mwadya?

Lachiwiri, 8 Okutobala

07:10 Benvinda: alowa

10:03 Romano: bwnj

11:52 Benvinda: atuluka. akachotsa. amanga bandeji, atsegula mawa

Lachitatu, 9 Okutobala

09:40 Benvinda: atsegula

10:01 Romano: nde?

10:02 Romano: alamu nde?

10:17 Benvinda: akawaunika ndi tochi amati kwayera. akazimitsa amati kwada

10:18 Benvinda: dokotala waimika zala kutsogolo kwawo, ati ndi zingati. iwo ati yambani adokotala ndakonzeka

10:18 Benvinda: zala zidali pamenepo kale

10:25 Romano: mwina ndi kutupa. mwina pakapita masiku

10:40 Benvinda: akuti tibwerenso pakatha masabata awiri

Lachitatu, 23 Okutobala

13:30 Benvinda: chimodzimodzi. kuyera ndi kuda basi

13:31 Benvinda: akuti bala lapola bwino. atipatsa kalata ya chipwitikizi ndi chizungu, akuti tikaonetse kwa a boma ku Ulongwe. atiuzanso za ndodo yoyera

13:33 Benvinda: iwo afunsa ngati ndodoyo ndi yachitsulo kapena ya aluminyamu

13:50 Romano: sindikudziwa chonena

13:52 Benvinda: palibe chonena alamu. madzi akatayika saoleka

Lachisanu, 15 Novembala

15:02 Benvinda: [chithunzi]

15:03 Benvinda: ndidaiwala kukuonetsani. ku chipatala adatipatsa kachitsulo kaja mkabotolo. ndi kameneko swarf wanu uja

15:10 Romano: kameneka basi?

15:11 Romano: ine lero ndataya ma bin asanu a zimenezi

15:20 Benvinda: mvula yayamba kuno. anthu akubwerabe ndi makasu ndi magudumu a ngolo, amawapeza pansi pa pichesi, amacheza pang'ono nkubwerera ndi katundu wawo

15:22 Benvinda: lero andiuza kt ndikatulutse mbotolo ndiwaike mdzanja, akufuna amudziwe mdani wawo

15:23 Benvinda: ndawaika. afufuza ndi chala, afufuza. manja aja ndi zikang'a zokhazokha. akuti Benvinda usandinamize, waika?

15:24 Benvinda: sakukamva

16:40 Romano: pa Khirisimasi ndibwera, mapepala kaya ziwathera bwnj

16:58 Benvinda: alamu

16:58 Benvinda: funso lanu la pa 9 Julaye

16:59 Benvinda: sindidawapukute

17:06 Benvinda: tsiku limenelo ndidayanika nyemba pa lona, mbuzi za aneba zikuzungulira. mawu atafika ndidathamanga, ndidachotsa maginito pa msomali, ndidangowauzira kamodzi fuu. ndidaika pa diso. nditayang'ana padali tizitsulo tambirimbiri, ta masiku onse. ndidaloza kamodzi ndi chala nkunena kt ako katuluka. iwo adaseka, adati dzanja lako mkazi iwe. ine ndidathamangira nyemba

17:09 Benvinda: tizitsulo tija sitidali tiwiri. kadali kamodzi komweka

17:12 Benvinda: mutandifunsa ndidadziwa pomwepo. ndidachita manyazi, ndidati mwina ndidaloza koona. ndidalira, ndidakalipa, ndidaitana a mpingo, zonse ndidachita kupatula chimodzi chimene chikadawanyamula. sankakhulupirira dokotala chifukwa ankakhulupirira ine

17:13 Benvinda: ndikadanena mu Julaye akadapita mu Julaye

17:15 Benvinda: mpaka lero aliyense wobwera kudzazonda amamuuza kt mkazi wanga adatulutsa kamodzi

17:16 Benvinda: ndiwauze?

17:31 Romano: [uthenga wafufutidwa]

17:44 Romano: [uthenga wafufutidwa]

Loweruka, 16 Novembala

06:35 Benvinda: musavutike kuyankha alamu

06:36 Benvinda: akundiitana. akuti akufuna akapake mafuta torno isachite dzimbiri ndi mvulayi

06:36 Benvinda: akuti ndiwagwire dzanja